Phiri liti, mwezi uti?

Pamwamba pa kabati kunyumba kwanga pali timapaketi tiwiri ta shuga, tija timapezeka pa tebulo m'malesitilanti. Shuga wake anauma gwa kalekale, pepala linasuluka. Mayi a kunyumba ayesapo kawiri kutitaya, ndipo kawiri konse ndakatitola m'bini. Ndinatilowetsa m'thumba la jekete m'mawa wina mu Meyi 2023 ndili ku Kyoto m'dziko la Japan, poganiza kuti kumene ndikupitako amamwa tiyi wopanda shuga ndipo ine sindifera ulemu. Sindinatitsegule mpaka lero.

## Mwana wa m'malayini

Ine ndine wa ku Thyolo, ndipo sindikunena pa boma. Ndinabadwira m'malayini a pa esiteti ina, kumene amayi anathyola tiyi zaka 26. Amene munakulira kumeneko mukudziwa kale: kudzuka kusanache, dengu kumsana, pepala la pulasitiki m'chiuno kuopa mame, chiperoni, mzere wa pa sikelo, kapitawo akuvundula masamba kufunafuna okhwima. Sindibwereza.

Chimene ndikufuna mukumbukire ndi tiyi wa m'nyumba mwathu. Linali fumbi logula pa okala m'kapepala. Amayi ankaliponya mumphika madzi akubwadamuka, n'kulisiya liwire mpaka kuda bii, kenako masupuni atatu a shuga m'kapu ya pulasitiki. Mkaka unkaoneka pakutha pa mwezi. Tikati tiyi wakoma, tinkatanthauza kuti shuga wamveka. Tikati lero tiyi palibe, tinkatanthauza kuti shuga watha, ngakhale masamba atadzaza chitini.

Ukatuluka pakhomo, tiyi anali paliponse mpaka kumene maso alekezera, koma kuthyola tsamba n'kupita nalo kunyumba kunali kuba. Ndiponso ukanatani nalo? Sindikumbuka tsiku limene ndinaganizapo kuti tsamba laliwisi la m'dengu ndi fumbi la m'kapepala ndi chinthu chimodzi. China chinali ntchito ya amayi, china chinali kadzutsa.

## Minda yopanda anthu

Ku Japan ndinapita ndi sukulu, zosakhudzana n'komwe ndi ulimi. Mnzanga wina wa m'kalasi atamva kuti kwathu ndi ku tiyi, anangoti basi, tchuthi cha kumayambiriro kwa Meyi tikathandize agogo ake ku Wazuka, masiku amenewo manja amasowa.

Wazuka ndi katawuni ka m'mapiri, kum'mwera kwa chigawo cha Kyoto. Sitima siifikako, umatsikira pa Kamo n'kukwera basi. Anthu ake sakwana 4,000, koma gawo lalikulu la tiyi wotchuka wotchedwa Uji, dzina la mzinda wa kufupi ndi kumeneko, limachokera m'mapiri amenewa. Basi itakhota kulowa m'chigwa, mtima wanga unagunda. Nkhungu pamtsinje, fungo la dothi lonyowa, kubiriwira kukwera phiri mpaka kukagunda mitambo. Thyolo weniweni.

Kenako maso anayamba kukana. Kwathu tiyi amakhala lathyathyathya ngati tebulo. Uku anali m'mizere ya msana wozungulira ngati ya mbatata, yometedwa bwinobwino ngati mutu wa mwana tsiku lotsegulira sukulu. Pakati pa minda panali mapolo ataliatali, lililonse lili ndi fani pamwamba yoweramira pansi. Mizere ina inali itafunditsidwa nsalu zakuda, ukanati pali maliro. Ndipo anthu kunalibe. Kwathu nyengo ya masamba ikafika, munda umodzi umachita kuyenda ndi anthu, nyimbo, kutukwanizana, thalakitala ikudikira pamsewu. Uku, tsiku lotanganidwa kwambiri pachaka, phiri lonse ndinawerenga anthu asanu ndi mmodzi.

Mafani aja ndi a chisanu. Usiku wa mu Malichi ndi Epulo mphepo yozizira kwambiri imakhala pansi, yofundirako ili m'mwamba pang'ono, ndiye fani imakankhira yofundayo pa masamba kuti nsonga zanthete zisapse. Usiku umodzi wa chisanu ungawononge chaka cha munthu, chifukwa tiyi wawo amagona miyezi yonse yozizira osaphuka, ndipo masamba oyamba akadzuka ndiwo chuma chenicheni. Amawerenga masiku 88 kuchokera kumayambiriro kwa Febuluwale, pamene kalendala yawo yakale imati nyengo yophukira yayamba, ndipo tsikulo limagwera pa 2 Meyi kapena pafupi pamenepo. Amati womwa tiyi wothyoledwa tsiku limenelo sadwala chaka chonse. Amayi ankabwerera pa chitsamba chomwecho pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kuyambira Disembala mpaka mvula itatha. Uku munda amaukolola katatu kapena kanayi basi pachaka, ndipo zokolola zachiwiri mtengo wake sufika n'komwe pa zoyambazo.

Agogo aamuna anali ndi zaka 78, agogo aakazi 74. Awiriwa ndi amene ankagwira makina okololera: lumo lopindika ngati uta, la injini ya petulo, wina mbali ino ya mzere wina mbali inayo, mphepo ya injini ikuuluzira masamba m'thumba lalitali lokokeka kumbuyo. Ine ntchito yanga inali kugwira thumbalo kuti lisakole, likadzaza kulisenza kutsika nalo ku kagalimoto. Potsetsereka pake, phazi limodzi limakhala pamwamba pa linzake tsiku lonse. Pofika 10 koloko miyendo yanga inali ikunjenjemera, nkhalamba zija zili nganganga, ndipo tinali titakolola masamba amene amayi akanathyola sabata yathunthu.

## Mthunzi ndi nthunzi

Zonse zimene anandifotokozera m'masiku anayi aja zimalowa m'mawu awiri a kwathu osiyana chilembo chimodzi.

Mthunzi ndi nsalu zakuda zija. M'tsamba la tiyi muli chinthu chotchedwa theanine, chimene chimapangika ku mizu n'kukwera m'masamba, ndipo ndicho chimapereka kukoma kofatsa. Dzuwa likamenya tsamba, chimasanduka zinthu za khambi. Ndiye mlimi amabisa tsambalo kuti dzuwa lisalione. Akafunditsa sabata imodzi kapena ziwiri, tiyiyo amatchedwa kabusecha. Akafunditsa masiku 20 kapena kuposerapo, amapanga gyokuro, kapena tencha, amene akaperedwa pa mwala amakhala ufa wobiriwira uja wa matcha. Wosafunditsa konse ndiye sencha, tiyi wamba wa m'nyumba zambiri. Akale ankamanga chisakasa pamwamba pa munda n'kuyalapo bango ndi udzu wa mpunga, ndipo ku Uji alipobe ochepa amene amatero. Agogo anandikwezera nsalu kuti ndisuzumire. Masamba a pansi pake anali obiriwira moderako, opyapyala, ofewa ngati khutu la khanda.

Nthunzi ndi ya ku fakitale. Kwathu tsamba likafika ku fakitale amalifotetsa, kuliphwanya, n'kulisiya lifiire ndi mpweya, monga imadera mbatata yosenda ukaisiya pambale. Kufiira kumeneko ndiye tiyi wathu. Kwa iwo kufiirako ndi mdani. Tsamba likangodulidwa amathamanga nalo kuti lilowe mu nthunzi yotentha lisanayambe kusintha, masekondi 30 kapena 40, ndipo ku madera ena monga Shizuoka amapitiriza miniti yathunthu. Nthunziyo imapha kufiira kuja, tsamba n'kukhala lobiriwira mpaka m'kapu. Likatero limadutsa m'makina angapo olipotokola ndi kuliumitsa kwa maola pafupifupi anayi, mpaka litakhala ngati singano. Makilo 5 a masamba amatulutsa kilo imodzi.

Fakitaleyo inali kuseri kwa nyumba, kukula kwake ngati chigayo cha pa msika. Yawoyawo. Ine mawu oti fakitale ndinkawadziwa ndi geti, mlonda ndi chumuni, malo amene amayi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Uku agogo ankangoloza dzanja m'makina, kutapa masamba otentha, kuwafinya, kuwanunkhiza, n'kupotokola kabatani pang'ono. Anandiuza kuti njira imeneyi inayambira kuseri kwa phiri lomwelo, ku Ujitawara, kumene mlimi wina dzina lake Nagatani Soen anaikonza mu 1738 n'kupita ndi tiyi wake ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, kukamugulitsa. Ankanena za munthuyu ngati mmene timanenera za mkulu wa mudzi woyandikana nawo amene anamwalira chaka chatha.

Masamba atangotuluka mu nthunzi, fungo linadzaza chipinda chonse, ndipo ndinatuluka panja msangamsanga. Linali fungo la chitenje cha amayi akaweruka.

## Kakapu ngati chotsekera botolo

Usiku womaliza agogo aakazi anandiitana pa tebulo lalifupi lija, tonse titakhala pansi. Anatulutsa gyokuro wa chaka chatha, amati ameneyu amakoma akagonera miyezi ingapo. Dzanja langa linapita m'thumba kukaona ngati shuga alipo.

Madzi anawira. Ine ndinayembekeza kuti athira. Ayi, anawathira m'kambale kopanda kanthu n'kudikira. Kuchoka m'menemo anawathira m'timakapu, n'kudikiranso. Anakhudza kakapu ndi chikhatho, anapukusa mutu, anadikiranso. Mnzanga anandinong'oneza kuti akufuna madziwo atsike kufika pa madigiri 50, chifukwa madzi owira amatulutsa khambi lonse limene mlimi wavutika kulibisa masiku 20. Mumtima ndinkati tiyi wozizira ndi wa anthu odwala. Kwathu mlendo ukamupatsa tiyi wosaotcha milomo, akakunena.

Masamba anali ambiri, madzi ochepa, ongokwana kuwamiza. Anavundikira. Mphindi ziwiri, palibe woyankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kwanga kunali kutatsala pang'ono kutha. Kenako anayamba kugawa, kadontho uku, kadontho uko, kubwereranso, kuti aliyense alandire mphamvu yofanana, ndipo pamapeto anagwedeza kamphikako mpaka dontho lomaliza litagwa. Chimene chinafika kwa ine chinali madzi otumbuluka osakwana masupuni awiri, m'kakapu kongoposa pang'ono chotsekera botolo. Panalibe ngakhale pothira shuga.

Ndinapsontha.

Si tiyi ameneyo, mwa mmene ndinkadziwira tiyi. Unali msuzi. Ganizirani msuzi wa bowa wouma umene waphwera pamoto wa makala mpaka kutsala pang'ono pansi pa mphika, koma wopanda mchere, wolemera pa lilime ngati muli mafuta pamene mulibe. Utameza, kumabwera kutsekemera kuchokera kukhosi, kosafanana ndi kwa shuga, ndipo kumakhala pamenepo osachoka. Iwo kukoma kumeneku amakutcha umami. Ndinakhala kakasi, kakapu kali m'manja. Agogo aakazi anaseka mpaka kugwira pakamwa, akuti nkhope imeneyo amaiona kwa mlendo aliyense.

Anathira kachiwiri ndi madzi ofundirako, kukoma kunasintha. Kachitatu ndi otentha, kunasinthanso, khambi pang'ono linayamba kumveka. Kenako anakhuthula masamba aja m'mbale, anathirapo msuzi wa soya wosakaniza ndi madzi a zipatso zonga mandimu, n'kundipatsa timitengo todyera. Tinadya tiyi ngati ndiwo. Anali ofewa kuposa bonongwe wanthete. Ndinaganiza za amayi atamva kuti mwana wawo wawoloka nyanja kukadya masamba a tiyi, ndipo ndinaseka ndekha.

## Paketi yanga

Kumeneko sulowa m'nyumba ya munthu chimanjamanja, ndiye ine ndinali nditasunga paketi ya tiyi wa kwathu, imene ndinachoka nayo ku Blantyre. Ndinaipereka ndi manja awiri, monyadira ndithu. Ndinawauza kuti ku Mulanje tiyi anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890, Kenya asanalote n'komwe.

Ndinkaganiza kuti athokoza n'kuiika pa shelefu. Agogo aamuna anadzuka, anakatenga mbale yakuda imene amayezerapo tiyi wawo, anathirapo timibulu tathu tija n'kutiyala ndi chala pansi pa getsi. Ananunkhiza nthawi yaitali. Anatenga kapu yoyera, ulendo uno madzi owira, anadikira, n'kutapa ndi supuni. Anapsontha mwaphokoso, kuyendetsa m'kamwa. Madzi anali ofiira psuu.

Mnzanga ankamasulira. "Akuti ndi wamphamvu, ndipo mtundu wake ndi wokongola kwambiri. Akufunsa kuti ndi wa phiri liti."

"Thyolo," ndinatero. Kenako ndinatembenuza paketi kuti ndione. Sanalembepo. "Kapena Mulanje."

"Akuti munda wake umayang'ana kotulukira dzuwa kapena kolowera?"

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala. Nkhope ya agogo inali phee, akudikira yankho.

"Akuti anathyoledwa mwezi uti?"

Sindinadziwe.

"Nanga chitsamba chake ndi cha mtundu wanji?"

Apa mkulu uja anaona kuti ndasowa pogwira, ndiye anayamba kundithandiza ponena za kwake. Munda wa m'munsi ndi Yabukita, wa pamwamba ndi Okumidori amene amaphuka mochedwerako, kuti onse asakhwimire tsiku limodzi manja ali anayi okha. Yabukita anamusankha mlimi wina wa ku Shizuoka, Sugiyama Hikosaburo, mu 1908, ndipo dzinalo limangotanthauza kumpoto kwa nsungwi, chifukwa ndi pamene chitsambacho chinali. Lero minda yambiri ya tiyi m'dziko lonselo ndi ya chitsamba chimodzi chimenecho. Sankandiyesa mayeso ayi. Kwa iwo mafunso aja anali ngati mmene ife timafunsira mlendo kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani. Tiyi wafika pakhomo, ndiye amupatse moni.

Amene anandimaliza ndi agogo aakazi. Anafunsa mofatsa, akupukuta timakapu, ndipo mnzanga anazengereza asanamasulire.

"Akuti, nanga tiyi wothyola amayi anu, amakoma bwanji?"

Zaka 26. Makilo opitirira 40 tsiku lililonse la nyengo ya mvula. Zala zong'ambika zimene zinandilipirira fizi mpaka kufika pa tebulo limenelo. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Panja achule a m'minda ya mpunga anali akulira ngati a ku dambo la kwathu.

Chifukwa chake si chinsinsi. Tiyi wa ku Japan, mbewu zake zimene anabwera nazo wansembe wa Chibuda dzina lake Eisai kuchokera ku China mu 1191, anayamba ngati mankhwala oti amwe eni ake, ndipo mpaka lero wochuluka amamwedwa komweko. Wathu anabwera ndi atsamunda, anakula ndi thangata, ndipo kuyambira tsiku loyamba anali wa pa sitima. Wochuluka amagulitsidwa kunja, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, ndipo ogula amamukondera kufiira komwe kuja agogo anayamikira. Akafika ku Britain kapena ku South Africa amamusakaniza ndi wa mayiko ena m'timatumba toviika m'kapu. Pofika pamenepo dzina la phiri latayika kale, la dziko lomwe.

## Ndisakunamizeni

Anthu akamva kuti ndinali ku Japan amafunsa za mwambo uja womwa tiyi chogwada. Ndinapitako kamodzi. Miyendo inachita dzanzi mpaka ndinadzuka ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Mwambowu anaukhazika m'maonekedwe ake a lero ndi Sen no Rikyu, mwana wa wamalonda wa ku Sakai, amene zipinda zake zinali ndi kakhomo kakang'ono koti ngakhale mkulu wa nkhondo asiye lupanga panja n'kulowa chokwawa. Mapeto ake wolamulira amene ankamutumikira, Toyotomi Hideyoshi, anamulamula kuti adziphe mu 1591. Chimene ndinatolako ine n'chaching'ono: asanakupatse matcha amayamba akupatsa kachakudya kotsekemera. Shuga alipo ndithu, kungoti amadyera pambali.

Koma anthu wamba sakhalira kugwada. Ambiri a msinkhu wanga amamwa tiyi wa m'botolo wogula pa makina a m'mbali mwa msewu. Wobiriwira wa m'chitini anayamba mu 1985, wa m'botolo la pulasitiki mu 1990, ndipo mnzanga yemwe uja, mdzukulu wa alimi a tiyi, m'chipinda mwake ku Kyoto munalibe kamphika kofululira. Tiyi wa m'botolo safuna masamba odula a mu Meyi, amafuna otchipa ndi ochuluka. N'chifukwa chake minda ya pa chidikha ku Kagoshima, kumene munthu amakolola atakhala pa makina ngati thalakitala, yakhala ikukula mpaka mu 2024 inapitirira ya ku Shizuoka koyamba pa kuchuluka kwa tiyi wokololedwa. Dziko lonse linkakolola matani opitirira 100,000 mu 1975, pano silifika 80,000.

Ku Wazuka komweko, pakati pa mizere yometedwa bwino ija, panali minda yosiyidwa, tiyi atakula kuposa munthu, nguluwe zikugonamo. Ana a agogo aja ali ku Osaka, mdzukulu akufuna ntchito ya mu ofesi. Chimene chawapatsako mpweya ndi misala ya matcha imene yagwira dziko lapansi, moti alimi ambiri akusiya sencha n'kuyamba kufunditsa minda kuti apange tencha. Ogula akunja akulimbirana, pamene mphero imodzi ya mwala imapera magalamu 40 okha pa ola. Agogo aamuna nkhani imeneyi ankainena mosasangalala kwenikweni. Ankati tiyi amene amamusamala ngati khanda akukathera mu ayisikilimu.

Ndiye sindikunena kuti kumeneko n'kumwamba. Nawonso misana imawawa, nawonso mitengo amawaikira ndi ena. Koma nkhalamba ija ikamwa kapu, imadziwa mzere umene yamwa.

## Kwa amalume

Ndinabwerera kumudzi mu Disembala 2024, mvula itayamba. Amayi anapuma ntchito, amakhala pafupi ndi amalume, amene ali ndi theka la ekala la tiyi, mwa alimi ang'onoang'ono aja ogulitsa masamba ku fakitale. Madzulo ena tikusenda chinangwa pakhonde ndinayamba kuwafunsa mafunso a mkulu wa ku Wazuka, mwa mndandanda wake womwewo.

Anayankha onse, osaganiza n'komwe.

"Munda wabwino unali wa kudamu uja, woyang'ana kotulukira dzuwa. Tsamba lake limathyoka lokha, thwa. Wa kumtunda kufupi ndi bulugamu unali wouma mtima, umatuluka magazi m'zala. Wakale wofesa njere uja, chitsamba chilichonse ndi khalidwe lake. Watsopano wa ku Mimosa ndi wofanana, wofewa, dengu limadzaza msanga."

Wa ku Mimosa akunenawo ndi mitundu yochokera ku malo ofufuzira za tiyi ku Mulanje, ya maina ngati PC108 ndi SFS204. Ife athu ali ndi manambala, osati kumpoto kwa nsungwi.

"Nanga mwezi, amayi?"

"Wa ndalama ndi Januwale. Koma tsamba lenileni ndi la mu Juni, la m'chisanu. Limakula pang'onopang'ono, laling'ono, sikelo siikondwa nalo. Koma fungo lake, iwe!"

Ndinafunsa lomaliza lija. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kukoma kwa njerwa.

"Mwanawe, ukuti tikanamulawira kuti?"

M'mawa mwake tinapempha amalume kuti tithyoleko pang'ono. Anadabwa, koma analola. Manja a amayi sanaiwale: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi, maso ali kwina akucheza ndi mlamu wawo. Ine ndisanadzaze chipewa, iwo lichero linali litadzaza.

Ndinaika sefa pamwamba pa mphika wa madzi owira, masamba m'sefamo, chivundikiro pamwamba, n'kuwerenga mpaka 60. Kenako kupotokola ndi manja pa lichero, kuumitsa m'chiwaya pa makala ozilala, kupotokolanso, kuumitsanso, maola atatu. Ana a pamudzi anasonkhana, wina anathamanga kukauza anzake kuti a ku Japan aja akukazinga tiyi. Zimene zinatuluka sizinali singano ayi. Zinali zopiringizika, zina zopserera m'mbali, ndipo mkulu wa ku Wazuka akanaziona akanangoyang'ana kumbali mwaulemu. Tsamba lathu ndi la mtundu wa ku Assam, lalikulu, lokulira pa dzuwa, anthu analisankhira kufiira osati kufatsa.

Ndinawiritsa madzi, ndinawathira m'kapu ina kuti azizire. Amayi anati moto ulipo, bwanji ukuwononga madzi otentha. Ndinati dikirani. Ndinasefera m'kapu yagalasi kuti aone mtundu, wachikasu mobiriwirako.

Anaibweretsa pamphuno ndipo anakhala chete nthawi yaitali, mpaka amalume anasiya kuseka.

"Ili ndi fungo la m'dengu," anatero.

Anapsontha, nkhope inakwinyika. "Khambi!" Koma kapu sanaiike pansi. Anadikira, akuyendetsa lilime, n'kupsonthanso.

"Kumapeto kwake kukubwera kena kake." Anatembenukira kwa amalume. "Achimwene, inu mumathyola mochedwa, tsamba ili lagonera masiku atatu. Ndiponso feteleza munathira wochepa chaka chino, musakane. Wa kudamu uja akanakoma kuposa uyu."

Amalume anayamba kudzitchinjiriza, kuti feteleza wakwera mtengo, kuti galimoto ya masamba imabwera tsiku limene yafuna. Amayi sankamvanso. Anamaliza kapu yonse, n'kuyang'ana masamba otsalira m'sefa.

"Udzabwere mu Juni, tidzayese la m'chisanu. Ndidzathyola ndekha, iwe umafinya nsonga." Anandipatsira kapu. "Ndipo pobwera udzagule shuga, watha."